Kodi ndikulakwa kumakapemphera nawo madzulo m'mipingo ina?

Namwino wa ku Ndirande

Moni nonse abale ndi alongo. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno osayankhapo, koma lero ndabwera ndi yanga, chifukwa yandisowetsa tulo sabata yathunthu.

Ndine mayi wa zaka 52, ndimagwira ntchito ya unamwino pachipatala china muno mu Blantyre. Ndine wa CCAP chibadwire. Ndinabatizidwa ndili wakhanda, kalasi ndinaphunzira momwemo, ukwati wathu unadalitsidwa momwemo, ndipo bulauzi yoyera ya Mvano ndaivala zaka 21. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikufunafuna khomo lotulukira.

Bambo a kunyumba anatisiya mu May chaka chatha. Ana athu atatu ali kwawokwawo, mmodzi ku Mzuzu, awiri ku Lilongwe. Amene munaferedwapo mundimvetsa. M'mawa sipakhala vuto, umakhala ukuthamangira minibasi. Usiku ukatopa umagona. Nthawi yoluma ndi ya chisisira, uli wekha pakhonde ukukupiza mbaula, nthawi ija geti linkalira, munthu n'kulowa akufunsa ngati madzi osamba atentha. Kuphika nsima ya munthu mmodzi m'kapoto kakang'ono nthawi imeneyo kunkandiliza tsiku ndi tsiku. Kwathu mapemphero ndi a Lamulungu m'mawa, a kumlaga amachitika masana ine ndili kuntchito, ndipo ndi mashifiti athuwa mwezi umatha nditalowa m'tchalitchi mwathu kamodzi kapena kawiri basi.

Tsiku lina Lachisanu mu June, mayi oyandikana nawo nyumba, a Seventh Day, anandipeza ndili duu, mbaula itazima ine osadziwa. Sanandifunse zambiri. Anangoti, "Anamwino, tengani chitenje ndi juzi tikatsegule Sabata, tibwerako msanga." Mu June dzuwa kuno limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndiye tinayenda mwandawala. Tinapeza anthu osakwana 40, ambiri amayi ndi ana, ena akuoneka kuti angochokera kumsika. Panalibe ulaliki wautali: nyimbo zingapo, salimo, mawu a mphindi zochepa, kenaka kugwada. Tili pakati pa nyimbo yachitatu magetsi anazima. Palibe anadodoma. Bambo wina wa imvi amene anakhala kutsogolo kwanga anangokweza besi yake, anyamata awiri n'kuyatsa matochi a mafoni, kamtsikana kena n'kusendera pafupi nane kuti tionere buku limodzi. Chuni chake chinali chomwe chija timaimba kwathu, mawu okha ndiwo ankasiyana apo ndi apo, moti ine ndinkaimba a m'mutu mwanga iwo akuimba awo. Ndinalira mumdimamo popanda wondiona. Chichitikire maliro, kameneko kanali koyamba kulira misozi yondipepuza. Nditafika kunyumba ndinakoleza moto, ndinaphika, ndinadya mpaka kumaliza.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu likandipeza ndili kunyumba ndimapita. Pa 31 December mnzanga wa kuntchito ananditengera ku ovanaiti ya mpingo wina wa chipentekoste. Kumeneko ndinapita kamodzi kokha, phokoso la zokuzira mawu linandikulira, ngakhale anthu ambiri amene ndinakhala nawo pafupi ankapemphera ndi mtima woona. Tsono chiyambire Lenti ino, ndikaweruka msanga ndimadzera kuparishi ya Akatolika imene ili panjira yanga, kukayenda nawo Njira ya Mtanda. Malo onse 14, kugwada ndi kudzuka. Pamene Yesu akumana ndi amayi ake, ndi pamene autsitsa mtembo wake pamtanda n'kuupereka m'manja mwawo, ine amene ndatseka maso a anthu ambiri, a mwamuna wanga omwe, mtima wanga umatsalira pomwepo anzanga atasunthira kutsogolo. Kwathu za mtanda zimalalikidwa bwino lomwe, koma kuyenda nawo pang'onopang'ono chonchi ndinali ndisanakuonepo.

Loweruka lapitali kunabwera mkulu wa mpingo wa kumlaga kwathu. Anayankhula mwaulemu ndithu, anapemphera nane, koma anati anthu akuyankhula, akuti mayi wa Mvano akuoneka kwa a Sabata ndi kwa Aroma, kodi ife sitikukusamalani? Zimenezo sizinandipweteke. Chinandilasa ndi cha mnzanga wa Mvano, amene anagona nane m'siwa pamaliro a amuna anga, yemwe wanena pagulu kuti zimene ndikuchitazi ndi uhule wauzimu.

Ndiye ndikufunsa. Kodi ndikulakwa? Ndipite ndekha kwa abusa ndisanaitanidwe, kapena ndingosiya mwakachetechete? Nanga mbale ya chopereka ikamadutsa kumene ndili mlendoko, ndiziponya? Pakali pano ndimaponya K500 kapena K1,000, koma chakhumi ndi chopereka cha pamwezi zimapita kwathu osaphonya. Mgonero sindinadyepo kwina kulikonse. Ndithandizeni, makamaka inu akulu a mpingo ndi inu a mipingo imene ndikupitayi.

Mkulu wa mpingo, Lilongwe

Mayi, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Ine ndine mkulu wa mpingo mu Sinodi ya Nkhoma, chaka cha 17 tsopano, ndipo ndiyankha ngati mnzake wa amene anabwera kwanuyo.

Pitani kwa abusa, musadikire kuitanidwa. Simunapalamule, koma nkhani ikafika kwa abusa kudzera m'kamwa mwa ena imafika itavala zina. Kawauzeni monga mwalembera panomu, za mbaula ndi chisisira zomwe. Zaka zonse ndakhala pabwalo la mpingo sindinaonepo munthu akudulidwa chifukwa chokamvera mawu kwa anansi. Zimene zimafika pabwalo ndi kubatizidwanso, kapena munthu kusiya Mgonero ndi zopereka miyezi yambirimbiri ali kwina. Ubatizo umene munalandira ndi umodzi ndipo ndi wokwanira. Tsiku limene wina adzakuuzeni kuti madzi a pamphumi aja sanali ubatizo, mudzadziwe kuti sakukuonaninso ngati mlendo, wayamba kukukokani. Za K500 ya m'mbale musavutike nazo, mlendo waulemu safika chimanjamanja.

Komabe mkulu mnzangayo mumumvetse. Ife akulu tili ndi zipsera. Chibukire mafeloshipu m'matauni muno, tataya anthu ambiri amene anayamba ndi mawu omwewa akuti "ndimangopitako madzulo". Amayamba kusowa kumlaga, kenaka kukwaya, kenaka umangomva kuti anamizidwa kumtsinje. Ndiye tikamva kuti wa Mvano waoneka kwina, mtima umalumpha tisanafunse n'komwe. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ovumbwawo ine ndawaona ndi maso. Koma pa zimene mwalembazi, inu phanga lanu mukulidziwa.

Mawu a anzanu a Mvano aja ndi olakwika, ndipo akanakhala a kumlaga kwanga ndikanawayendera iwowo. Aiwala kuti CCAP imene akuitchinjirizayo inabadwa chifukwa anthu a nyumba zosiyana anavomera kupemphera pamodzi. Mishoni ya Blantyre ndi ya Livingstonia zinachokera ku mipingo iwiri yosiyana ya ku Scotland, zinalumikizana mu 1924, ife a Nkhoma, amene mizu yathu ndi ya a Dutch Reformed a ku South Africa, n'kudzalowa mu 1926. Mu 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ya Lenti yodzudzula boma la nthawi imeneyo pa 8 March, moyo wawo uli pachiswe, Sinodi yanu ya Blantyre ndi ya Livingstonia zinaima nawo, pomwe ife a Nkhoma tinatsalira m'mbuyo. Bungwe la PAC (Public Affairs Committee), losonkhanitsa atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana pa nkhani za dziko, linabadwa chaka chomwecho. Ngati abusa anakhala pampando umodzi ndi ansembe pa nkhani za dziko, mayi wamasiye alakwa chiyani kugwada pabenchi limodzi ndi Akatolika pa nkhani ya mtanda?

Chimene chandikhudza ine kwambiri ndi china. Salimo 141 ikamba za manja okwezedwa ngati nsembe ya madzulo, koma tchalitchi chathu 5 koloko chimakhala chokhoma, makiyi ali m'thumba mwa mlonda. Anamwino, alonda, madalaivala, amayi a mumsika, onsewa ndandanda yathu ya mapemphero siiwadziwa. Ndakhala ndikuwalemba kuti ndi ofooka osafunsa kuti amaweruka nthawi yanji. Nkhaniyi ndikaitula pamsonkhano wathu wa akulu mwezi uno.

Wa kwaya ya Chikatolika, Zomba

Amayi, takulandirani ndi manja awiri. Njira ya Mtanda si ya Akatolika okha, ndipo mulibe chilichonse m'menemo chimene mlendo amaletsedwa. Simukakamizidwa kuchita chizindikiro cha mtanda kapena kupinda bondo polowa ngati mtima wanu sukumasuka nazo. Palibe amene akuwerengereni.

Chimodzi chokha ndikuuziretu, kuti musadzachite manyazi pagulu. Ikakhala Misa, nthawi ya Ukaristia ikakwana mungokhala pamalo panu n'kumapemphera. Kwa ife kulandira Ukaristia ndi kuvomereza chikhulupiriro chonse cha mpingo, n'chifukwa chake sitiupereka kwa a mipingo ina, ndiponso ife sitidya nawo Mgonero kwina. Anthu ena zimawawawa, amati tikuwasala. Amayi anga ondibala ndi a CCAP, anakwatiwa ndi Mkatolika koma sanasinthe, ndipo tsiku la Ukaristia wanga woyamba anakhala pabenchi ine ndikupita kutsogolo. Zinandipweteka ndili mwana, mpaka pano zimandikhudza, koma iwo sanasiye kubwera, ndipo ine ku masika a kwawo sindijomba.

Kupemphera pamodzi mpingo wathu umakulimbikitsa chichokere ku msonkhano wa Vatican wachiwiri, womwe unatulutsa chikalata cha umodzi wa Akhristu mu 1964. Chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka pa 25 January pamakhala sabata yopempherera umodziwo. Ndipo Buku Loyera limene ambiri tikuwerenga masiku ano analimasulira pamodzi Akatolika ndi a mipingo ina.

Ngati shifiti ilola, musaphonye usiku wa Loweruka Loyera. Timayamba kutada, panja, magetsi onse atazimitsidwa. Bambo mfumu amadalitsa moto, amayatsa kandulo yaikulu ya Pasaka, kenaka moto umayenda kuchoka pakandulo ya wina kupita ya mnzake mpaka tchalitchi chonse chiwale. Mawu amawerengedwa kuyambira pa kulengedwa kwa dziko. Inu amene munalira mumdima kwa a Sabata kuja, usiku umenewu mukaumva bwino kuposa ambiri a ife amene tinauzolowera.

Mlongo wa malemu

Ine ndisiyana nawo pang'ono anzangawa, mundikhululukire mayi. Onse akuti pitani, pitani. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mchemwali wanga anayamba chimodzimodzi. Mwamuna anamuthawa, mtima unasweka, mnzake anamutengera ku mapemphero a madzulo m'kalasi ya pasukulu ina. Miyezi iwiri yoyamba tinkayamika, anasiya kulira, anayambanso kudya. Kenaka zinasanduka ma ovanaiti a Lachisanu lililonse. Amene ankadzitcha mneneriyo anamuuza kuti amene anamulodza ndi azakhali athu, moti anasiya kupita kumudzi. Mapeto ake anamuuza kuti wachira, ataye ma ARV, kumwa mankhwala n'kusakhulupirira. Ife tinadziwa mochedwa, titapeza mabotolo osatsegula pansi pa matiresi. Tinamuika m'manda asanakwanitse zaka 35, anasiya ana awiri amene ndikulera ine.

Sindikunena kuti a Sabata kapena Akatolika angakuchiteni zimenezi, ayi, ndiponso a chipentekoste ambiri ndi anthu oongoka. Ndikunena kuti munthu woferedwa amaoneka patali, ndipo alipo amene amasaka oterowo. Mayi wamasiye wapantchito, wa nyumba yakeyake, amamuwerengera. Ndiye kumene mukupitako muziyang'ana: kodi pali akulu amene angamufunse m'busayo, kapena zonse ndi iye yekha? Akufunsani nambala ya foni tsiku loyamba lomwe? Ayamba kukuuzani za adani a m'banja mwanu? Akutchula mtengo wa mafuta odzoza? Mukaona chimodzi mwa zimenezi nyamulani Baibulo lanu muzipita. Komanso musamayende nokha usiku. Ku Ndirande 7 koloko si masana, ndipo za kabaza wosamudziwa nthawi imeneyo musayerekeze.

Wa Sabata wa ku Thyolo

Anamwino, nkhani ya magetsi yandisangalatsa, chifukwa kwathu kuno kufupi ndi Malamulo, kumene mpingo wathu unakhazika mishoni mu 1902, agogo anga ankatsegula Sabata ndi koloboyi, nyimbo zonse zili pamtima. Ife timawerenga tsiku kuyambira kulowa kwa dzuwa, monga pa Levitiko 23:32, n'chifukwa chake nthawi yoyamba mapemphero imasuntha ndi nyengo.

Ndikuuzeni zoona zake, popeza mwafunsa ife eni ake. Tikaitana mlendo, pansi pa mtima timalakalaka atadzakhala wathu. Tsiku lina adzakupatsani timabuku, kapena adzakuitanirani ku efoti, misonkhano ya madzulo ya masabata awiri kapena atatu, ndipo efoti imathera pa kuitanira anthu ku ubatizo womiza. Mukadzapita mudzapite mukudziwa zimenezo. Kukana ndi ufulu wanu, ndipo mukangonena poyera kuti "ine ndine wa CCAP, ndimabwera kudzapemphera nanu basi", anthu okhwima adzakulemekezani. Mayi amene anakupezani mbaula itazima uja sindikukhulupirira kuti ankawerenga mitu. Anaona mnzake ali yekha.

Mgonero wathu umachitika kamodzi pa miyezi itatu, timayamba ndi kusambitsana mapazi, ndipo Mkhristu wa mpingo wina sitimuletsa. Koma popeza inu muli ndi kwanu, yambani mwafunsa abusa anu.

Namwino wa ku Ndirande

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo konse.

Bambo a ku Lilongwe, ndinamvera. Lachiwiri nditaweruka ndinapita kumanse. Ndinalowa miyendo ikunjenjemera, koma abusa anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anandipempha zinthu ziwiri: ndisavale unifolomu ya Mvano kumene ndikupitako, chifukwa yunifolomu imayankhulira mpingo wonse, ndiponso Mgonero ndizidyera kwathu. Zonsezi ndinavomera ndi mtima umodzi. Kenaka anandifunsa kuti ku Mvano kwathu amayi amasiye tilipo angati. Ndinawerenga ndi zala pomwepo, tinakwana 11. Anakhala chete nthawi ndithu, n'kulemba m'kabuku kawo. Sanalonjeze kanthu, inenso sindinawapanikize.

Achimwene amene mukulera ana a malemu, mawu anu ndi amene anandigwira kwambiri, chifukwa oterowo ndimawalandira kuwodi. Amabwera atatheratu, achibale atanyamula kabotolo ka madzi odalitsidwa, buku la kuchipatala likuonetsa kuti anasiya kutenga mankhwala miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Pepani kwambiri. Ku ovanaiti kuja nambala yanga anaipemphadi pakhomo, ndipo anandiimbira masabata atatu otsatizana mpaka ndinawauza kuti asiye. Nthawi imeneyo sindinaganizepo kanthu, pano ndamvetsa. Usiku ndimayenda ndi mayi oyandikana nawo aja ndi mnyamata wawo wamkulu, ndipo pofika 7 koloko timakhala titalowa.

Bambo a ku Thyolo, zikomo posandibisira. Timabuku anandipatsa kale tiwiri. Lachisanu likubwerali ndikawauza mayi aja mawu amene mwandiphunzitsawo, ndisanayambe kuwazemba pa zinthu zoti tikanangokambirana.

Mnzanga wa Mvano uja sitinayankhulanebe. Lamulungu tinakhala benchi limodzi, pakati pathu pali anthu awiri, ndipo potuluka anayang'ana kumbali. Zikundiwawa chifukwa ndi yemwe anandimanga chitenje m'chiuno tsiku la maliro pamene ine manja anali atafooka. Ndikuganiza zomupitira kwawo Loweruka ndi kashuga, koma mtima sunafikepo.

Achemwali a kwaya, ndasinthana shifiti ndi mnzanga kuti usiku wa Loweruka Loyera ndikhale womasuka, ndipo m'mawa mwake ndikakhala kwathu pa Pasaka. Kodi kandulo ndigule ndekha kapena amagawa pakhomo? Nanga mwambo wonse umatenga maola angati, kuti ndimuuziretu mnyamata wodzanditenga?